Skibbereen: Tauni Imene Nthaka Yake Imasimba Mbiri

Mbatata ya kachewere imene timagula pa Tsangano kapena ku Dedza, pa Chingerezi amaitchula ndi dzina la dziko la Ireland. Komatu kwawo kwenikweni kwa mbewuyi ndi ku mapiri a Andes ku South America. Dzina la Ireland linaimatirira chifukwa anthu osauka a m'dzikolo anafika poidalira monga chakudya chawo chokhacho. Ndikufuna ndikusimbireni za katauni kamodzi ka kumeneko, Skibbereen, chifukwa kamaonetsa bwino kuti mbiri ya anthu ndi chilengedwe cha malo awo siziyenda padera.

Skibbereen ili kum'mwera chakumadzulo kwa Ireland, m'chigawo cha Cork, ndipo muli anthu pafupifupi 3,000. Mtsinje wa Ilen umadutsa m'tauniyi n'kukathira m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi Baltimore, mudzi wa asodzi umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12. M'chaka cha 1631 achifwamba a panyanja ochokera ku Algiers anaukira Baltimore usiku ndi kugwira anthu oposa 100, amene anapita nawo kumpoto kwa Africa kukakhala akapolo. Ambiri mwa otsala anasamukira kumtunda motsata mtsinje, kutali ndi gombe, ndipo Skibbereen inayamba kukula. Mwaonatu, pamene mudzi wakhala pamakhala chifukwa chake.

Dera limeneli ndi la miyala, la mvula yambiri, ndipo nthaka yake si yachonde kwenikweni. M'zaka za m'ma 1800 minda yambiri inali m'manja mwa eni malo olemera, pamene anthu wamba ankachita lendi timinda ting'onoting'ono. Tirigu ndi ziweto zinali zolipirira lendi. Chodyera banja chinali kachewere, popeza amabereka ngakhale pa nthaka yoipa, makamaka akathira zomera za m'nyanja ngati manyowa. Ambiri ankabzala mtundu umodzi wokha wotchedwa Lumper.

M'chaka cha 1845 kunabwera chiwawu, nthenda yomwe ija imaononga tomato ndi kachewere nyengo ya chinyontho. Mu 1846 pafupifupi mbewu yonse inaolera m'munda. Njala imene inatsatira inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni m'dziko la anthu oposa 8 miliyoni, ndipo enanso oposa 1 miliyoni anathawira kunja. Chowawa n'chakuti nthawi yomweyo zombo zinali kunyamula tirigu ndi ng'ombe kuchoka m'madoko a Ireland. Chakudya chinalipo, koma osauka analibe ndalama zogulira. Skibbereen inali m'gulu la madera amene anavutika koposa, ndipo dziko linadziwa zimenezi pamene James Mahony anajambula zimene anaona kumeneko, zithunzizo n'kutuluka m'nyuzipepala ya Illustrated London News mu 1847.

Ine nditapita ku Ireland kukachita maphunziro, ndinakafika pa manda a Abbeystrewry, kunja pang'ono kwa tauniyi, m'mbali mwa mtsinje. Pali bwalo la udzu wobiriwira, lopanda mitumbira, losakula ngati momwe munthu angaganizire. Pansi pake pagona anthu pakati pa 8,000 ndi 10,000, oikidwa m'maenje aakulu. Mabokosi atasowa, ankagwiritsa ntchito bokosi lotseguka pansi: mtembo ukatsikira m'dzenje, bokosilo ankabwerera nalo kukatenga wina. Ife amene timadziwa ulemu umene mudzi umapereka pa maliro, tangoganizani. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu. M'mapiri ena a kumadzulo kwa dzikolo mizere ya kachewere ya nthawi imeneyo ikuonekabe pansi pa udzu, pomwe eni ake sanabwerenso kudzakumba.

Koma Skibbereen si manda okha ayi. Makilomita pafupifupi 5 kuchokera m'tauni kuli Lough Hyne, kanyanja kozunguliridwa ndi mapiri, kamene madzi ake ndi amchere. Akatswiri amakhulupirira kuti kale madziwa anali opanda mchere, kufikira pamene nyanja yaikulu inakwera zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Madzi a m'nyanja yaikulu amalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku kudzera pa kampata kopapatiza, ndipo m'kati mwake, mopanda mafunde, mumakhala nsomba ndi tizilombo ta m'madzi ta mitundumitundu. Mu 1981 boma linakhazikitsa Lough Hyne kukhala malo otetezedwa a zamoyo za m'nyanja, oyamba a mtundu umenewu ku Ireland. Nyumba yosungiramo mbiri ya tauniyi, imene ili m'mbali mwa mtsinje wa Ilen, imafotokoza zonse ziwiri pansi pa denga limodzi: njala ija ndi kanyanjaka.

Apa ndi pamene pali phunziro lathu, aphunzitsi anzanga. Pa ndandanda ya maphunziro, mbiri yakale, jogalafe ndi zaulimi zimabwera nthawi zosiyana, ndipo mwana amaganiza kuti ndi zinthu zosakhudzana. Koma simungafotokoze njala ya ku Skibbereen osatchula mvula, nthaka, mtundu wa mbewu ndiponso mwini wa munda. Chiwawu chinaononga mbewu, koma chimene chinapha anthu ochuluka chotere ndi umphawi, kudalira mbewu imodzi ndi kuchedwa kwa thandizo.

Sukulu yanu nayonso yakhala pa malo amene ali ndi mbiri. Tulukani nawo ana sabata ino. Afunseni chifukwa chake mudzi unamangidwa pamene ulipo, mtsinje unali kudutsa pati kale, ndi mbewu zingati zimene mabanja awo amadalira. Kenaka muwatume kwa agogo akafunse zimene iwo anaona kapena anamva za chaka cha njala, monga 1949 kapena 2002 kuno ku Malawi, ndi zimene anthu anadya kuti apulumuke. Zimene abwere nazo muzilembe ndi kuzisunga pasukulupo, agogowo adakali moyo.