KU VUBWI MLENDO AYAMBA WAPHUNZIRA KUODIRA

Vubwi ndi dera la mapiri ndi madambo limene liri kum'mwera ca kum'mawa kwa mzinda wa Chipata, pa ngondya pamene dziko la Zambia likumana ndi maiko awiri, Malawi ndi Mozambique. Kwa zaka zambiri dera limeneli linali mbali ya boma la Chadiza, kufikira m'caka ca 2012 pamene mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Michael Sata, analipatula kuti likhale boma palokha. Eni nthaka ndi Acewa a Mfumu Pembamoyo, alimi a cimanga, nshawa, fodya ndi thonje, amene mwezi wa August amapita ku Mkaika m'boma la Katete ku mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi abale ao a ku Malawi ndi ku Mozambique.

Malire a maiko alipo ndithu, koma cinenero sicidziwa malire. Munthu angathe kucoka ku Vubwi m'mawa, kukadya nsima kwa apongozi ake ku Mchinji masana, ndi kubwerera madzulo osasintha liu ndi limodzi lomwe. Cifukwa ca ici, mlendo ali yense wofuna kukhala pakati pa anthu awa, kaya ndi wa nchito ya Boma, wa cipatala kapena wa mpingo, amapeza kuti khomo lolowera ndi limodzi lokha, ndilo Cicewa. Pa alendo onse, amene anagogoda pa khomo limeneli kwa nthawi yaitali ndi anyamata a mishoni ocokera kutsidya kwa nyanja.

Amishoni anayamba kufika m'cigawo ca kum'mawa zaka zoposa 120 zapitazo. A mpingo wa Dutch Reformed ocokera ku South Africa anakhazika mishoni ya Magwero m'caka ca 1899, ya Madzimoyo mu 1903, ya Nyanje, imene lero iri m'boma la Sinda, mu 1905, ndi ya Nsadzu ku Chadiza mu 1908. Ansembe a Katolika a cipani ca White Fathers anamanga ku Kachebere, pa malire peni-peni ca ku Mchinji, m'caka ca 1903, ndipo kucokera kumeneko anafalikira m'dziko la Acewa, Angoni ndi Ansenga. Mishoni ya Vubwi inamangidwa ndi iwowa dziko lisanalandire ufulu.

Ambiri a ansembe amenewa anafika ali anyamata ongotsiriza kumene maphunziro, ocokera ku France, Holland, Canada ndi maiko ena. Woyambitsa cipani cao, Kadinala Charles Lavigerie, amene anacikhazika ku Algiers m'caka ca 1868, anawasiyira lamulo lolimba. Iye anafuna kuti pomatha miyezi isanu ndi umodzi cifikire, amishoni azilankhulana ngakhale pakati pao okha m'cinenero ca anthu amene anawalandira. Motero mnyamata amene kwao anali katswiri wa Cilatini, pofika kuno anasanduka mwana wakhanda, wofunsa dzina la cinthu ciri conse ndi kulilemba m'kabuku.

Phunziro loyamba silinali la m'buku ai. Linali la kuima patali ndi khomo ndi kunena kuti, "Odi!" ndi kudikira kufikira eni nyumba atayankha. Mlendo wa ku Ulaya anazolowera kufika ndi kunena msanga cimene wadzera. Kuno anaphunzira kuti amayamba wakhala pansi, mpando kapena mphasa itabwera, ndipo moni umaperekedwa mosafulumira: za m'thupi, za ana, za kumene wacokera, za mvula ndi za kumunda. Nkhani imene yamuyendetsa imabwera pambuyo. Anaphunziranso kuti "iwe" ndi mau a kwa mwana kapena mnzako wa msinkhu umodzi, ndi kuti kunena "iwe" kwa nyakwawa kapena kwa mai wacikulire ndi cipongwe cimene mudzi sumaiwala msanga.

Cinenero ceni-ceni cinali ndi misampha yake. Mau akuti "mtengo" amanena ca m'thengo, amanenanso ndalama zogulira cinthu, ndipo cosiyanitsa ndi kukwera kapena kutsika kwa liu. Cimodzi-modzi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Kampweya kakang'ono kamene kamasiyanitsa "pala" ndi "phala" khutu la mlendo silinkakamva konse pa miyezi yoyamba. Anthu akulu anali kubisa kuseka cifukwa ca ulemu, koma ana sanabise, ndipo kunena zoona anawo ndiwo anali aphunzitsi osatopa, pakuti anali kubwereza liu limodzi kakhumi kufikira mlendo atalichula bwino.

Panalinso phunziro la m'mbale. Ulendo wa m'midzi unali wa pansi kapena wa pa njinga, masiku ambiri, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzaza mlendo anali kugona kumene dzuwa lamulowera. Kumeneko anaphunzira kusamba m'manja akulu atayamba, kutema nsima ndi dzanja lamanja, ndi kusanyoza ndiwo, kaya ndi cigwada, nyemba kapena mbewa. Nkhuku yophedwa cifukwa ca mlendo ndi cuma ca banja, ndipo woikana wakana banja lomwelo. Koma mayeso akulu koposa anali pa maliro. Mlendo amene anadziwa kufika pa siwa, kukhala cete pamodzi ndi amuna anzake ndi kupepesa mwa mwambo, anthu analeka kumuona ngati wodutsa.

Akulu anati safunsa anadya phula. Kumene alendo sanafunse, panabuka mikangano. Nkhani ya Nyau ndiyo citsanzo cacikulu. Amishoni oyamba a mipingo yonse iwiri anaona Gule Wamkulu ngati mdani wa sukulu ndi wa chalichi, ndipo kwa zaka zambiri midzi ya Acewa inagawanika pakati pa a kudambwe ndi a kumpingo, nthawi zina m'banja limodzi. Ku Mua, m'dziko la Malawi, mkangano umenewu unafika pa milandu m'zaka za m'ma 1920. Koma ndi ku Mua komweko kumene wansembe wina wa cipani comweco, Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anafika ku Malawi mu 1967 ali mnyamata, anakhala pansi ndi akulu a mwambo kwa zaka zambiri, nakhazika malo a Kungoni m'caka ca 1976 osungirako mbiri ndi zosema za Acewa, Angoni ndi Ayao. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalemba Gule Wamkulu wa maiko onse atatu pakati pa cuma ca mwambo ca anthu a pa dziko lonse.

Mabuku amene anatuluka m'nchito yophunzira imeneyi ali m'nyumba zambiri za ku Vubwi. Buku Lopatulika linatha kumasuliridwa ndi kusindikizidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1920, motsogozedwa ndi Mbusa William Murray wa ku Nkhoma. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera m'caka ca 1966, ndipo mipingo inagwirizana kutulutsa Buku Loyera mu 1998. Pa zikuto za mabuku otere ndi za madikishonale kawiri-kawiri pamaoneka maina a alendo. Komabe liu liri lonse la m'katimo linacokera pakamwa pa munthu wa kuno: mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, katekisiti, wophika wa pa mishoni, kapena nkhalamba imene inafotokoza mwambi pansi pa mtengo. Ambiri a iwo maina ao sanalembedwe pena pali ponse.

M'caka ca 1977 dayosizi ya Chipata, imene pa nthawiyo inali m'manja mwa Bishopu Medardo Mazombwe, inalandira amishoni a cipani cina, ca Comboni, amene anagwira nchito ku Chadiza ndi ku Vubwi. Cipani cimeneci cinayambira ku Italy, ndipo ciri ndi anthu ambiri olankhula Citaliyana, Cisipanishi ndi Cipwitikizi. Kwa iwowa mtolo unali wowirikiza, popeza anafunika kudziwa Cingelezi ca m'maofesi a Boma ndiponso Cicewa ca m'midzi. Mmodzi wa iwo, Bambo Renato Kizito Sesana, anafika m'Zambia caka comweco, nakhala zaka zitatu pa mishoni ya kumidzi asanapite ku Bauleni mu Lusaka. Zaka zotsatira zinali zowawa pa malire. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu zikwi zambiri m'cigawo cino, ndipo Boma linatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, ku Petauke, m'caka ca 1987. Ambiri othawawo anali Acewa, ndipo wansembe kapena namwino amene anadziwa cinenero cao ndiye anatha kumva amene wataya mwana, amene wadwala ndi amene ali ndi abale tsidya lino. Mtendere unabwera mu 1992.

Masiku ano pali mtundu wina wa anyamata a mishoni umene apaulendo a ku Vubwi amauona akapita ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Amayenda awiri-awiri, atabvala malaya oyera ndi tayi, ndi kacikwangwani ka dzina pa cifuwa. Awa ndi a Mpingo wa Yesu Kristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, amene anthu amawachula kuti a Mormon. Mpingo umenewu unayambitsidwa ndi Joseph Smith m'caka ca 1830 ku America, ndipo likulu lake liri ku Salt Lake City, m'cigawo ca Utah. Unalembetsedwa m'Zambia mu 1992, ndipo mu 2011 unakhazika mishoni ya Lusaka yoyang'anira Zambia ndi Malawi. Nchito yake m'maiko awiriwa yakula kwambiri m'mizinda. Kuyambira mu 2012 mnyamata angathe kutumidwa ali ndi zaka 18, ndipo amatumikira zaka ziwiri, kawiri-kawiri pa ndalama zake ndi za makolo ake. Ngakhale ali wamng'ono cotero, dzina lake la nchito ndi Elder, ndiko kunena kuti mkulu, cinthu cimene cimadabwitsa anthu a kuno, kumene ukulu umadza ndi imvi.

Ambiri a anyamata amenewa amatumidwa kwa anthu olankhula Cisipanishi, ku Mexico, ku South America, ngakhalenso m'mizinda ya m'dziko lao la United States. Asanapite amaphunzira cineneroco kwa masabata owerengeka pa sukulu za mpingo, monga ya ku Provo ndi ya ku Mexico City. Koma tsiku loyamba kugogoda pa khomo amakomana ndi zomwe zija anakomana nazo anzao a ku Kachebere ndi ku Vubwi. Eni nyumba amalankhula mofulumira kuposa mphunzitsi wa m'kalasi. Cisipanishi naco ciri ndi "iwe" ndi "inu" wake, "tú" ndi "usted". Cakudya cimabwera cimene mnyamatayo sanacionepo, ndipo mai wa nyumba amayang'ana ngati acidya. Wobwera kudzaphunzitsa amapezeka kuti kwa miyezi ingapo ndiye wophunzira, ndipo aphunzitsi ake ndi anthu osauka amene iye anadzera kudzawalalikira.

Kusiyana kulipo pa nthawi. Wansembe wakale anali kubwera kudzakhala zaka makumi awiri kapena atatu, ndipo ena anaikidwa m'nthaka ya kuno. Mnyamata wa zaka ziwiri, amene amasamutsidwanso malo pakapita miyezi yocepa, amanyamuka pamene lilime langoyamba kumasuka. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ngati adalira Cingelezi ndi womasulira, amamva zokhazo zimene womasulira wafuna kuti amve, ndipo mai wa kumudzi amene sanapite ku sukulu sangamuuze za m'mtima kudzera pakamwa pa munthu wacitatu.

Mpingo wa Katolika ndi wa Reformed m'cigawo cino tsopano uli m'manja mwa ana a kuno, ndipo a Mazombwe, mwana wa cigawo ca kum'mawa, anakwezedwa kukhala Kadinala woyamba wa Cizambia m'caka ca 2010. Komabe alendo sanaleke kufika ku Vubwi. Cikhalire boma palokha, kwabwera aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi apolisi ocokera m'zigawo zina za Zambia, olankhula Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Naonso ndi acinyamata, ndipo ambiri iyi ndi nchito yao yoyamba. Anthu a Mfumu Pembamoyo amawalandira monga analandirira aja akale: amawapatsa mpando, amawakonzera liu limene lapotoka, ndipo amadikira kuona ngati mlendoyo adzabwera pa maliro.