Pansi pa mathandala a ku Malindi

Ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi n'kutsata gombe chakumpoto, umafika ku Malindi, kumene kuli mishoni ya Angilikani ndi chipatala cha St Martin's. Alendo amatama mchenga ndi mapiri. Ine maso anga amathamangira pansi pa mathandala oyanikira usipa, pamene pamagona amphaka opanda mwini.

Usipa wogwa pansi ndi makoswe zimawakwanira, ndiye amaswana kwabasi. Wamkazi amatha kutenga bere asanakwane miyezi 6, amakhala nalo masiku pafupifupi 65, ndipo angathe kuswa katatu pachaka. Mayi amene akadali mwana chonchi kawirikawiri amaswa tiana tonyentchera.

Ana asukulu akatola kamphaka kotere amathamangira mkaka wa ng'ombe, osadziwa kuti umakatsegula m'mimba. Ndimawauza kuti ayambe akasiya pomwepo kwa maola angapo, poti mwina make wangopita kosaka. Akapanda kubwera, kafunditseni kansalu kaye, chifukwa kamphaka kozizidwa sikagaya chakudya. Kakakwana masabata 4, usipa wauwisi wowiritsa, wosinja, wopanda mchere kamadya bwino.

Wamkulu wolusayo musamugwire ndi manja. Chiwewe si cha agalu okha.