Njinga Ikamamwa Oyilo, Sindithamangira Sipanala

Mnyamata wina wa kabaza anafika pagalaja panga ku Biwi m'mawa wina mu Okutobala, njinga yake ya Lifan ili mbuu ndi fumbi. Tisanamalize n'komwe kupatsana moni, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabokosi ka maring'i.

"Madala, mundiikire awa. Njingayi ikumwa oyilo koopsa, masiku awiri alionse ndikuthiramo wina. Anzanga pasiteji akuti maring'i atha."

"Mwa anzakowo, mphwanga, alipo amene wawaona maring'iwo?"

Anangoseka. Ndalama yogulira kabokosiko anali atachita kukongola kwa bwana wake, mwini njingayo, ndipo madzulo aliwonse amafunika kupereka ya tsikulo, njinga iyende kapena isayende. Zimenezi zimandikhudza, chifukwa kumasula injini ya munthu wotere popanda chifukwa n'chimodzimodzi kumulanda ndiwo za sabata yonse.

Injini za njinga zimene zadzaza m'misewu yathuzi, zambiri zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, ndipo zimalowa oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi basi. Oyilo yemweyo ndi amene amafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi, komanso amathandiza kuziziritsa injini popeza mulibe madzi. Akachepa ndi kapu imodzi yokha, wachepa kwambiri. Koma oyilo sasowa mwamatsenga. Amadontha, kapena amapsa limodzi ndi petulo, apo ayi injini imachita kumulavulira kunja kudzera pakapaipi kopumira. Ntchito yanga ndi kupeza njira imene wadutsa, ndipo nthawi zambiri njirayo imaoneka sipanala isanakhudze boti ndi imodzi yomwe.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti andionetse mmene amayezera oyilo. Anaimika njinga pasitandi ya m'mbali, n'kusolola dipisitiki. Inatuluka yonyowa kunsonga kokha. "Mwaonatu, watha kale." Ndinaikweza pasitandi yapakati, pamalo osatsetsereka, n'kupukuta dipisitikiyo, kenako ndinaigwetseramo osaimanga, monga mmene injini zamtunduwu zimafunira. Oyilo anapitirira mzere wapamwamba kutalitali. Dipisitiki ili kumanja, pomwe njinga ikakhala pasitandi ya m'mbali imapendekera kumanzere, choncho oyilo amathawira uko n'kumunamiza mwini wake. Titakhuthulira m'chigubu choyezera, anatsala pang'ono kukwana lita ndi theka. Oyilo wosefukira chonchi amatakasidwa ndi zitsulo zozungulira m'katimo mpaka kuchita thovu, kenako amakankhidwira kupaipi yopumira ija. Pansi pa injini ya mnyamatayo panali ponona ndi oyilo wolavulidwa. Iye ankathira, injini n'kumataya.

Pofufuza zodontha ndili ndi kachitidwe kanga kamene ndinaphunzira kwa amisiri amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Ndimatsuka injini yonse ndi palafini, ikauma ndimaiwaza ufa woyera, womwe uja wophikira nsima, kenako ndimailiza kwa mphindi khumi. Pamene pakudontha, ufa umada n'kulemba kanjira kolozera komwe oyilo akuchokera. Malo amene amandipatsa ntchito kawirikawiri ndi silu ya kuseri kwa sipuloketi yaing'ono, silu ya pachosinthira magiya, ya pakiki, gasiketi ya chivundikiro cha mavavu, ndi wacha ya boti yokhuthulira oyilo, imene anthu amaimanga kakhumi osaisintha. Ya kusipuloketi ndi yobisalira, chifukwa oyilo wake amatengedwa ndi tcheni, ndiye munthu amangoti ndi girisi. Titabwezeramo oyilo, panjinga ya mnyamatayo ufa unakhala woyera paliponse.

Komabe utsi unalipo, ndipo utsi ndi umene ndimakonda kuuwerenga modekha. Ndinamufunsa kuti umatuluka nthawi yanji. Funso limeneli ambiri amaliona ngati lachibwana, koma ndi limene limasiyanitsa ntchito ya ola limodzi ndi ya tsiku lonse. Utsi wakuda ndi petulo wochuluka, vuto la kabureta kapena sefa yotsekeka, ndipo oyilo alibe mlandu. Kautsi koyera ka m'mamawa mu Juni, kamene kamatha injini ikatentha, ndi nthunzi chabe. Wa oyilo ndi wabuluu, wonunkha mokhakhala kummero, ndipo umasiya mwaye wonata kukamwa kwa ekizozi. Ukamatuluka wambiri injini ikangolizidwa itagona usiku, n'kuzimiririka pakapita mphindi zochepa, ndimakayikira masilu a mavavu, chifukwa oyilo wotsalira kumutu amakhala akutsetsereka m'mapesi a mavavu usiku wonse n'kukadikira pamwamba pa pisitoni. Chimodzimodzinso ukamatuluka potsetsereka, munthu atasiya kupatsa moto, kenako n'kufuka kwambiri akangoyambiranso. Koma ukamakula pamene njinga yasenza anthu awiri ndi thumba la makala pachitunda, ndipo sukuleka ngakhale injini itatentha, apo ndiye timayamba kunena za maring'i ndi buloko.

"Kum'mawa ndiye umachita kuphimba khomo lonse, mpaka mayi a nyumba amadandaula," anatero mnyamatayo. "Masana sumaoneka kwenikweni."

Ndinamasula pulagi. Inali yakuda ndi yonyowa pang'ono m'mazinga, osati yofiirira ngati khofi wamkaka mmene pulagi ya injini yathanzi imakhalira. Pabowo lakelo ndinamangapo geji ya kompulesheni, n'kutsegula moto wonse, iye akuponda kiki kasanu ndi kamodzi. Singano inaima pa 150 psi. Ndinathira kasipuni ka oyilo pabowo lomwelo n'kuyezanso, ndipo singano inangosuntha pang'ono. Maring'i akakhala otha, muyeso woyamba umakhala wotsika, mwina kufupi ndi 100, ndipo wachiwiri umalumpha chifukwa oyilo uja amatseka mipata kwa kanthawi. Geji imeneyi ndinaigula modula, koma yapulumutsa injini zambiri kuposa chida china chilichonse chimene ndili nacho. Ili ndi malire ake: ring'i yachitatu, yopala oyilo, ikhoza kumatirira ndi makala pomwe ziwiri zapamwamba zili bwino, ndipo geji singaulule zimenezo. N'chifukwa chake sindiidalira payokha, ndimaiphatikiza ndi zimene utsi wandiuza.

Tinachotsa mutu wa injini wokha. Masilu a mavavu anali atauma gwa, moti pochotsa silu ya kuvavu ya ekizozi inangothetheka m'zala. Kutentha ndi kumene kumachita zimenezi. Njinga ya kabaza imalira kuyambira mbandakucha mpaka usiku, imaima pamzere wa magalimoto dzuwa lili pamutu popanda mphepo yoiziziritsa, ndipo nthawi zina imathiridwa oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu amene palibe akudziwa kumene wachokera. Ndinagwedeza mavavu m'njira zake kuti ndimve ngati akusewera, koma anali olimba. Mutu uli pansi choncho, ndinatsitsa pisitoni n'kuunika m'buloko ndi tochi. Timizere topingasa ta kufakitale tinali tikuonekabe, ndipo chikhadabo changa sichinakodwe paliponse. Buloko yotha imanyezimira ngati galasi, imakhala ndi kamzere kamene chala chimakodwapo kumtunda, ndipo ukaikamo ring'i n'kuyeza mpata wa pakamwa pake umapeza wapitirira theka la milimita. Yoteroyo kuikamo maring'i atsopano n'kutaya ndalama. Imafunika kukaboola n'kuika pisitoni yokulirapo ya 0.25 kapena 0.50, kapena kugula ina.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndinachipeza pomanga. Siponji ya sefa ya mpweya inali itang'ambika pakona, ndipo nditapisa chala m'paipi yopita kukabureta, chinatuluka ndi fumbi lofiira. Mwa injini zomwa oyilo zimene ndamasulapo, zochuluka zinaphedwa ndi fumbi. Likasakanikirana ndi oyilo limasanduka msasa, n'kumapala buloko ndi maring'i paulendo uliwonse, ndipo misewu ya kumakomboni kuno chilimwe chonse ndi fumbi lokhalokha. Mnyamatayo anali ndi mwayi kuti siponjiyo inali itang'ambika posachedwa. Ndinamuonetsa mmene angatsukire yatsopano ndi palafini, kuiumitsa, kuinyowetsa ndi oyilo pang'ono n'kuifinya osaipotokola, ndipo ndinamuuza kuti azitero sabata iliyonse mpaka mvula itagwa.

Tinathira oyilo wa 20W-50 wa m'botolo lomata, tikuyeza mpaka pamzere wapamwamba, ndipo ndinalemba makilomita ake pakhoma la galaja ndi choko. Ndinamuuza kuti asathiremo kadontho ngakhale kamodzi, abwerenso pakatha masiku asanu ndi awiri, koma m'mawa uliwonse aziyeza njinga ili pasitandi yapakati. Anabwera Lachisanu lotsatira atayenda makilomita opitirira 600. Oyilo anali atatsika pang'ono chabe kuchoka pamzere, ndipo pulagi inali itayamba kufiirira. Kabokosi ka maring'i kaja anakabweza kushopu kosatsegula, n'kusinthanitsa ndi mabuleki a kumbuyo.