Makoswe a mu labu ndi manja a amalume anga

Semesita yathayi tinapatsidwa ntchito yowerenga kafukufuku wa momwe mankhwala a m'mafakitale amawonongera chiwindi cha makoswe. Kunena zoona, ndinayamba kuwerenga ndi mtima wongofuna mamakisi. Koma pofika tsamba lachitatu maganizo anga anali atathawira ku Balaka, pa galaja pomwe amalume anga amapopera penti galimoto.

Zimene ndinawerengazo ndi izi. Akatswiri akafuna kuyesa mankhwala oteteza chiwindi, amayamba adwalitsa khoswe dala pomupatsa carbon tetrachloride, mankhwala amadzimadzi amene kale ankachapira masuti ndi kuzimitsira moto. Chodabwitsa n'chakuti chiwindi chimadzipweteka chokha poyesa kutithandiza. M'chiwindi muli enzayimu yotchedwa CYP2E1 imene imaphwanya zinthu zachilendo kuti thupi lizitulutse. Ikaphwanya carbon tetrachloride, pamatuluka tizidutswa taukali timene timawononga mafuta omanga khungu la maselo. Pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, maselo ambiri amakhala atafa, ndipo ALT ndi AST, zimene zimayenera kukhala m'kati mwa maselowo, zimapezeka zitachuluka m'magazi. Khosweyo akamapatsidwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, chiwindi chimadzaza zipsera n'kuuma gwa, matenda amene madokotala amati cirrhosis.

Mfundo imene inandisowetsa tulo ndi ya mowa. Khoswe amene wakhala akumwetsedwa mowa amavulala kwambiri ndi mlingo womwewo wa mankhwala, chifukwa mowa umachulukitsa enzayimu ija. Poizoni yemwe akanangomudwalitsa pang'ono amatha kumupha.

Amalume agwira ntchito yopopera penti kuyambira ine ndisanabadwe. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'manja mwawo. Manja omwewo amawasamba ndi thinala kapena petulo akaweruka, chifukwa sopo sachotsa penti msanga. Pamphuno amamangapo kansalu, mwina osamanga n'komwe kukatentha, ndipo kutentha kwa ku Balaka mu Okutobala mukukudziwa. Dzuwa likapendeka amadutsira pa kachasu kuti, mwa mawu awo, atsuke kukhosi.

Ndisakunamizeni, thinala si carbon tetrachloride. Mankhwala a makoswe aja analetsedwa ndi pangano la Montreal la 1987 chifukwa amawononga ozoni, ndipo mayiko osauka ngati Malawi anapatsidwa mpaka 2010 kuti asiye kuwagwiritsa ntchito. Mu thinala mumakonda kukhala toluene ndi xylene, amene amayamba kugunda ubongo, n'chifukwa chake opopera penti amadandaula mutu ndi chizungulire. Komabe amalowa m'magazi kudzera m'mapapo ndi pakhungu, ndipo kokaphwanyidwa kwake n'kuchiwindi komweko, ndi enzayimu yomwe ija. Komanso thinala wambiri amene ndamuona m'magalaja a ku Balaka ndi ku Liwonde amabwera m'mabotolo a zakumwa opanda chizindikiro. Wogulayo sadziwa chomwe chili m'katimo. Onjezanipo kuti chiwindi cha munthu wa kwathu kuno chimakhala chitasenza kale katundu wina: hepatitis B, ndi poizoni wa chuku wa mu mtedza ndi chimanga chosasungidwa bwino.

Pa holide ndinakwera minibasi kuchoka kwathu ku Liwonde kukawaona. Ndinawapeza akupopera bampala, pambali pawo pali kamnyamata kamene akukaphunzitsa ntchito, kakusakaniza penti ndi manja osavala kanthu.

"Amalume, fungo limeneli silikupwetekani?"

"Aphwanga, sukulu yakupatsani mantha. Ine ndimamwa mkaka tsiku lililonse, umachotsa zonse."

Chikhulupiriro cha mkakachi n'chofala pakati pa openta ndi owotcherera zitsulo, koma mkaka umapita m'mimba pomwe nthunziyo yalowa kale m'magazi kudzera m'mapapo. Ndinayesa kuwafotokozera za makoswe, iwo n'kuseka kuti kodi ndawasandutsa khoswe. Anasiya kuseka nditanena kuti chiwindi sichilira msanga: munthu amatha zaka akumva bwinobwino, ndipo maso akamadzachita chikasu kapena mimba kutupa, zambiri zimakhala zitawonongeka kale. Anayang'ana kamnyamata kaja osayankha.

Dziko lino lili ndi lamulo la 1997 loteteza umoyo wa anthu pa ntchito, koma pansi pa mtengo pomwe munthu wadzilemba yekha ntchito, ndani angalikakamize? Apa ndi pomwe ndikuona kuti ife ophunzira tili ndi ngongole. Timaloweza CYP2E1 kuti tikhoze mayeso, koma amene anatilipirira fizi sitinawauzepo kuti kansalu sikatchinga nthunzi ya thinala, kuti pamafunika masiki ya sefa ya makala, kuti kupopera penti kuzichitikira pamalo podutsa mphepo, kuti penti wamafuta amachoka m'manja ndi mafuta ophikira kenako sopo, ndiponso kuti tsiku logwira thinala si tsiku lomwa mowa.

Ndinawagulira magolovesi awiri ndi ndalama yanga ya thiransipoti, ndipo anavomera kuti akayezetsa hepatitis B. Za kachasu sanalonjeze kanthu. Sabata yatha amayi anandiuza pa foni kuti magolovesi aja akuvala ndi kamnyamata kaja, eniake akadali kusamba thinala. Holide ikubwerayi ndipitanso.