Beira, Mzinda Wokhala Pakamwa pa Nyanja

Msewu wochokera ku Inchope kupita ku Beira umatsetsereka pang'onopang'ono mpaka mapiri onse kutsala m'mbuyo. Mukangodutsa Dondo, dziko limayala ngati mphasa: minda ya mpunga, mitengo ya kokonati, ndi madambo amene madzi ake sachita changu kuphwa. Madalaivala athu onyamula mafuta ndi feteleza amaudziwa bwino msewu umenewu, chifukwa katundu wambiri wobwera ku Malawi amatsikira padoko la Beira. Mapaipi a mafuta opita ku Mutare m'dziko la Zimbabwe amayambiranso pomwepa.

Mzindawu uli pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya Indian, ndipo mtsinje wa Buzi umathiranso chapafupi. Apwitikizi anaumanga padambo kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 chifukwa ankafuna doko, ndipo doko analipezadi. Koma malo ena a mzindawu ndi otsika kwambiri moti nyanja ikadzaza, madzi ake amakhala pamwamba kuposa mabwalo a nyumba za anthu. Chimene chimawatchinga ndi mitumbira ya mchenga ndi zipupa zakalekale zimene mafunde akhala akuzinyenya. Nyanja ya kuno ili ndi khalidwe lakelake. Masiku ena imaphwa n'kusiya matope ataliatali mabwato atagona chammbali, kenaka n'kubwerera, kukwera mamita oposa 6.

Nanga anthu amadzadziranji pamalo otere? Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, kuyambira 1977 mpaka 1992, mabanja ambiri a Asena ndi Andau anathawa kumidzi n'kubisala mumzindawu, ndipo nkhondo itatha ambiri sanabwerere. Ena akubwerabe lero kudzafuna ganyu padoko, kudzapha nsomba, kapena kudzaphunzitsa ana. Mu 1997 munali anthu pafupifupi 400,000. Pofika 2017 anali atapitirira theka la miliyoni. Malo okwera anatha kalekale. Wobwera kumene amamanga pamene papezeka mpata, ndipo mpatawo umapezeka kudambo, m'mbali mwa ngalande, kapena pamchenga weniweni monga ku Praia Nova. Ku Munhava nyumba za malata zimachita kugundana. Ngakhale Grande Hotel, hotela yaikulu imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 n'kutsekedwa mu 1963, lero mukukhala anthu oposa 1,000, ana akusewera m'makonde opanda zotchinga.

Ine sindingawaweruze anthu amenewa. Mayi amene amagula nsomba m'bandakucha kuti akagulitse kumsika sangakhale makilomita 50 kutali ndi gombe. Ndipo mitengo ya mangrove, imene imamera m'madzi amchere n'kumafooketsa mafunde, amaidula ndi anthu omwewo pofuna milimo ndi makala. Njala ya lero imafuula kuposa namondwe wa chaka chamawa.

Namondwe wamtunduwu amabadwira panyanja yofunda. Madzi akatentha kufika madigiri 26 kapena 27, nthunzi yambiri imakwera, mphepo n'kuyamba kuzungulira, ndipo imakulirakulira malinga ikadali pamwamba pa madzi ofundawo. Ku America amautcha hurricane, ku Philippines ndi ku Japan amati typhoon, koma chinthu chake n'chimodzi. Kuno nyengo yake ndi kuyambira November mpaka April, ndipo nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar imakhala yofunda mokwanira.

Usiku wa pa 14 March 2019, namondwe wa Idai anatera pa Beira ndi mphepo yothamanga makilomita oposa 160 pa ola. Malata ankauluka mumdima ngati zikwanje. Magetsi anazima, mafoni anaduka, denga la chipatala chachikulu linawonongeka. Bungwe la Red Cross litayendera mzindawu linati pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse anali ataphwanyika kapena kuwonongeka. Mwayi unalipo umodzi: namondweyo anafika pa masiku amene nyanja sidzaza kwambiri. Akanakumana ndi nyanja yodzaza, mbali yaikulu ya mzindawu ikanamira.

Chimene chinapha anthu ochuluka chinabwera patatha masiku, kuchokera kumtunda. Mvula imene inagwa m'mapiri a ku Manica ndi ku Chimanimani inatsika ndi Buzi ndi Pungwe, madzi n'kuyala ngati nyanja yatsopano. Ku Buzi anthu anakhala masiku ali pamadenga ndi m'mitengo. Msewu wa EN6 unaduka, moti Beira inkafikika pandege ndi paboti basi. Ku Mozambique kunafa anthu oposa 600, ndipo pophatikiza Zimbabwe ndi Malawi, kumene mvula ya namondwe yemweyo inali itasefukiza kale madera a kummwera, chiwerengero chinapitirira 1,000.

Madzi ataphwa, nkhondo inasamukira m'zitsime. Mumzinda umene madzi apansi ali pafupi chonchi, chimbudzi chokumba chikasefukira zonse zimasakanikirana ndi madzi akumwa. Pasanathe milungu iwiri kolera anabuka, ndipo anthu oposa 6,000 anadwala. Chimene chinaletsa mliriwo kufalikira chinali changu: anthu oposa 800,000 analandira katemera wakumwa, mapaipi a madzi anakonzedwa msanga, ndipo mabanja anapatsidwa mankhwala othira m'ndowa. Pambuyo pake panabwera malungo, chifukwa chithaphwi chilichonse chinasanduka chiswero cha udzudzu. Amene munaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu March 2023 mukudziwa kuti mavuto a m'misasa amayamba mvula ikaleka.

Pali chinthu chimodzi chimene mlendo ayenera kukaona, ngakhale sichokongola ngati nsanja younikira zombo ya ku Macuti: ngalande. Idai asanafike, mzindawu, motsogozedwa ndi meya Daviz Simango, unali utakonza ngalande zazikulu za simenti ndi thandizo la World Bank, zokhala ndi zitseko zimene amatseka nyanja ikadzaza n'kutsekula ikaphwa. Kamtsinje ka Chiveve, kamene kanali kataduka chifukwa cha zinyalala, anakatsekulanso, ndipo lero m'mbali mwake muli paki yoyendamo anthu madzulo. M'madera amene ngalandezi zimafika, madzi a mvula anachoka msanga. Simango anamwalira mu February 2021, patangotha mwezi umodzi namondwe wina, Eloise, atakanthanso mzindawu.

Boma linasamutsira mabanja ena kumalo okwera monga ku Mutua, m'boma la Dondo. Kumeneko madzi safika, komanso nsomba kulibe, ndipo ganyu ndi wosowa. Choncho ena amasiya ana ndi agogo kumtundako, iwo n'kubwerera kugombe. Mukayenda ku Praia Nova m'mwezi wa January, mudzaona matumba a mchenga, miyala ndi matayala akale zitasanjikidwa pamwamba pa malata, ndipo pansi pake amayi akuyanika nsomba.