Nyanja yongoiona ndi maso ku Los Cabos

Munthu wokonzekera tchuthi chapamwamba ku Los Cabos, dera la kunsonga kwenikweni kwa Baja California m'dziko la Mexico, kumene chipululu cha zomera zaminga chimakathera pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, kawirikawiri amathamangira zithunzi za mahotela, chonsecho funso loyamba linayenera kukhala lakuti kodi m'madzi oyandikana ndi hoteloyo mumasambika. Magombe ambiri a pakati pa Cabo San Lucas ndi San José del Cabo, komanso makamaka ena oyang'ana kunyanja ya Pacific, ali ndi mafunde aukali okokera munthu pakuya, motero mlendo amene walipira ndalama zankhaninkhani amangosamba m'dziwe la pahotela, nyanja akuiona chapatali, pamene gombe la Médano, lomwe madzi ake ndi odekha, limadzaza ndi alendo komanso ogulitsa malonda. Nyengo nayonso njosanyozeka, pakuti anamgumi, zinyama zikuluzikulu za m'nyanja zoyamwitsa ana, amafika kuyambira Disembala mpaka Epulo, mitengo ya zipinda itakwera, pomwe Seputembala, mwezi umene zipinda zimatchipa, ndiwo unabweretsa namondwe wotchedwa Odile mu 2014.