Matisheti a malemu bambo asanduka gombeza

Bambo anga atamwalira mu 2022, abale anagawana zovala zawo monga mwa mwambo. Suti inapita kwa abambo aang'ono, nsapato kwa mwana wa azakhali, ndipo jekete ija ya kaunjika anthu anachita kulimbirana misozi isanaume n'komwe. Chimene chinatsala ndi jumbo limodzi la matisheti akale, osuluka, ena obooka m'khwapa. Aliyense amangolitsegula, kusuzumiramo, n'kulikankhira pakona.

Inu a pamsika mukuwadziwa anthu a mtundu wa bambo anga. Anagulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe zaka zoposa 30, ndipo tisheti yaulere sanaibwezepo. Galimoto ya kampeni ikangoima, iwo amakhala oyamba kutambasula dzanja. M'jumbomo munali yachikasu ya UDF ya 1994, yabuluu ya chimanga ya DPP ya 2009, ya olenji ya PP ya 2014, ya tambala wakuda wa Kongeresi, mpaka ya kampani ya sopo. Ukawafunsa kuti kodi inu chipani chanu n'chiti, amangoti, "Mwanawe, voti n'chinsinsi, koma mphepo siisankha chipani." Imene anagula ndi ndalama yawo ndi yofiira ya Bullets basi.

Koma panali imodzi yoyera, yojambulidwa nyali, imene sanapite nayo kunsomba ngakhale tsiku limodzi. Ife obadwa m'matipate nkhani yake timangoimva. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa riferendamu, nyali kuimira zipani zambiri, tambala kuimira chipani chimodzi, ndipo nyali inapambana. Zisanafike apo, munthu wopanda khadi la chipani amabwezedwa pachipata cha msika, mtanga uli pamutu. Bambo amati tishetiyo amaivala m'kati mwa shati, batani lotseka mpaka pakhosi, mtima ukugunda ngati aba.

Chaka chatha chiperoni chinavuta kwathu ku Bangwe. Amayi amadzuka 4 koloko kukapikula tomato, ndipo bulangete lawo linali litatha moti umatha kuonera nyenyezi. Ndalama ya latsopano ndinalibe. Amene mumaganiza kuti kulemba nyuzi kuli ndi dola, bwerani mudzandione pakutha pa mwezi. Ndiye ndinakumbukira jumbo lija.

Ndinalitenga mozemba amayi ali kumsika. Ndinachapa zonse ndi sopo wambiri, kuyanika kwa mnzanga, n'kupita nazo kwa telala wina wa pakhonde. Mdalayo anandiuza zimene sindimadziwa. Ati nsalu ya tisheti imatamuka, ukangoiponya pamakina imakwinyika ndipo mzere umakhota. Choncho chigamba chilichonse chimafuna kuchisokera kaye pa nsalu yosatamuka. Tinang'amba shiti yakale ya pabedi. Tinadula katoni ya masentimita 32 mbali zonse kuti ikhale muyeso, awiriwo n'ngolowa mumsoko, ndipo pa tisheti iliyonse ndimadula kumaso ndi kumsana. Matisheti 15, zigamba 30, zisanu m'mimba mwake, zisanu ndi chimodzi m'litali. Pakati tinaika bulangete langa lomwe ndinachoka nalo kusekondale, kunsi zitenje ziwiri, kenaka mizere yodutsa pena ndi pena kuti bulangetelo lisamathawire mbali imodzi pochapa.

Poyala zigambazo pansi m'pamene panali nthabwala. Telala anakana kugundanitsa tambala ndi yachikasu. "Achimwene, awa amenyana usiku, mayi wanu sagona." Tinaika ya sopo pakati kuti iwaleretse. Anthu odutsa amaima, wina kuloza chipani chake, wina kutukwana chimene chinamudyera voti. Ya nyali ndinaidula ndekha, sizasi ikunjenjemera, n'kuiika pakatikati.

Ndinakapereka madzulo ena a Loweruka, ndikuyembekeza nthungululu. Amayi anafunyulula, anayang'ana, osayankhula. Anagwira chigamba cha nyali, anachinunkhiza, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Iwe, unachapa?"

Ndinati eya amayi, zinali ndi fungo la usipa.

"Fungo limenelo ndi la bambo ako. Wakutuma ndani?"

Abale anzanga, ndinasowa polowa. Ine ndimayesa jumbo lija analiiwala. Osadziwa kuti usiku wina tulo tikawasowa amalitsegula, kutulutsa imodzi n'kuiika pa pilo. Zaka ziwiri akuchita zimenezo ine ndili m'nyumba momwemo, mtolankhani wakewake wodziwa za m'maboma onse. Ndinapepesa, koma sopo sabweza zimene watenga. Gombezalo analipinda bwinobwino n'kuliika pamwamba pa sutikesi, ndipo linakhala pamenepo masabata atatu. Ine m'nyumbamo ndimayenda monyang'ama ngati mlendo wangongole.

M'mawa wina wa July, nkhungu ili tolo, ndinadzuka n'kupeza pasutikesi palibe kanthu. Ndinatsika kumsika. Ndinawapeza pabenchi pawo atalifunda kuyambira kumapewa mpaka kumapazi, tomato ali mulumulu kutsogolo, azimayi anzawo atawazungulira. Amawalozera chigamba chimodzichimodzi: iyi anailandira tsiku limene ndinagonekedwa kuchipatala ndi mimba ya uyu, iyi anabwera nayo ataledzera n'kunama kuti anali kumaliro. Nkhani zina ine ndinazimva koyamba tsiku limenelo.

Mayi wina wogulitsa kaunjika anafunsa mtengo. Amayi anati silogulitsa. Anafunsanso kuti nanga wasoka ndani, naye ali ndi jumbo la malemu amuna ake. Amayi anandiloza ndi mlomo. "Uyo wayima apoyo. Koma mukamupatsa, mubisepo imodzi. Amachapa ameneyo."